Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Chaka cha hamala ya Heidegger

Gawo lino likukhudza chaka choyamba cha digiri yanga yachiwiri ya filosofi. Pafupifupi chaka chonsecho chinathera pa theka loyamba la buku limodzi, Sein und Zeit la wafilosofi wa ku Germany Martin Heidegger, lomwe ambiri amalidziwa ndi dzina la Chingerezi lakuti Being and Time. Moyo wanga pa nthawiyo unali bukuli basi, choncho chimene ndingakuuzeni za chakacho ndi mmene bukuli limawerengedwera, malo amene ophunzira amaterereka, ndi chifukwa chake ndimaumirira kuti munthu asathamangire ndime yonena za choonadi asanakhwime pa ndime zonena za ntchito.

Bukuli linatuluka mu 1927, Heidegger akuphunzitsa pa yunivesite ya Marburg, ndipo silinamalizidwe. M'ndime 8 akulonjeza magawo awiri, lililonse la zigawo zitatu, koma zimene zinasindikizidwa ndi zigawo ziwiri zokha za gawo loyamba. Ndime zonse zilipo 83. Ndime 1 mpaka 8 ndi mawu oyamba, 9 mpaka 44 ndi chigawo choyamba, ndipo 45 mpaka 83 ndi chachiwiri, chonena za imfa, chikumbumtima, nthawi ndi mbiri. Wofuna za chilankhulo, kudziwa, choonadi ndi ntchito, kwake n'kuchigawo choyamba.

Musanayambe, yang'anani m'mphepete mwa masamba. Mabuku onse awiri a Chingerezi, lomasuliridwa ndi Macquarrie ndi Robinson mu 1962 komanso la Joan Stambaugh la 1996 lomwe linakonzedwanso mu 2010, ali ndi manambala m'mphepetemo osonyeza tsamba la buku la Chijeremani. Zolowerani kutchula amenewo, polemba ngakhale pokambirana, ndipo ndi amene nditchule muno. Vuto limabwera chonchi: m'semina imodzi wina wanyamula buku ili, wina lina, ndipo omasulirawo anasankha mawu osiyana pa liwu limodzi la Chijeremani. Anthu amatha kukangana ola lathunthu akuyesa kuti akusiyana maganizo, chonsecho chala chawo chili pa mzere umodzimodzi. Mankhwala ake n'kupatula masamba akumapeto a kope lanu, n'kulembamo liwu la Chijeremani lenilenilo, tsamba limene layambira kuoneka, ndi chiganizo chimodzi chanuchanu chokhala ndi chitsanzo. Mawu ofunika kutero m'chigawo choyamba sachuluka kwambiri, ndipo awiri oyambira ndi Zuhandenheit ndi Vorhandenheit, omwe ndiwafotokoza kutsogoloku.

Masamba atatu kapena anayi pa tsiku ndi okwanira, koma muwawerenge kawiri, kachiwiriko muli ndi cholembera. Mawu oyamba aja asakutsekereni njira. Adutseni mofulumira, mukafike pa ndime 12, mudzabwerera pambuyo pake mutadziwa kumene munthuyu akulowera. Zikakuvutani, zimene anaphunzitsa ku Marburg mu 1925, zomwe m'Chingerezi zili m'buku la History of the Concept of Time, zikunena zambiri zomwezi m'mawu ofewerapo. Buku lofotokozera la Hubert Dreyfus la 1991 limathandizanso, koma muliwerenge mutayamba mwalimbana nokha ndi ndimeyo, apo ayi mudzangomva Dreyfus paliponse.

Tsono ndime 15, masamba 66 mpaka 72. Apa m'pamene pagona bukuli.

Kuyambira pa Descartes, wafilosofi wa ku France, afilosofi ambiri a ku Ulaya ankayamba nkhani ya kudziwa ndi munthu amene wakhala phee akuyang'ana chinthu, n'kumadzifunsa ngati chimene chili m'mutu mwake chikufanana ndi chimene chili kunjako. Heidegger akuti kumeneko n'kuyambira pakati. Tisanakhale pansi kuyang'ana zinthu, timakhala titazigwira kale. Onani kalipentala akukhoma felemu ya chitseko. Msomali waugwira ndi zala ziwiri za kumanzere, ina iwiri wailuma pakamwa, amenya pang'ono kuti uime, achotsa zala, kenako dzanja lidzitsika lokha. Maso ake sali pa hamala. Ali pamutu wa msomali, ndipo maganizo ali pa felemu, ngati yaima chilili kapena yapendekeka. Hamala ikamagwira bwino ntchito imakhala ngati palibe. Kukhalapo kotereku, kwa chida chimene chabisala m'ntchito yake, ndiko Zuhandenheit. Vorhandenheit ndi kukhalapo kwa chinthu chimene changoikidwa patsogolo pathu kuti tichiyang'ane, tichiyeze, titchule kulemera ndi mtundu wake.

Chachiwiri m'ndimeyi n'chakuti chida sichikhala chokha. Hamala ndi yokhomera msomali, msomali ndi wogwirira thabwa, thabwa ndi la chitseko, chitseko n'cha nyumba yoti munthu abisalemo mvula ndi mphepo. Ntchitoyo imalozanso kumene zipangizo zachokera, thabwa ku mtengo, msomali ku chitsulo, ndiponso kwa amene adzagwiritse ntchito chinthucho, monga nsapato imene imasokedwa poyeza phazi la mwini wake. Kalipentala amazidziwa zonsezi popanda kuziwerengera, ndipo kudziwa kwa m'manja kumeneku si kwakhungu ayi. Kuli ndi kaonedwe kakekake, kamene Heidegger akukatchula Umsicht.

Ophunzira ambiri amalemba kuti hamala yeniyeni ndi chitsulo ndi mtengo, ndipo zakuti ndi chida timangoipaka ife m'maganizo. Tsamba 71 likukana zimenezi mosapita m'mbali. Mukalola ganizo limenelo, ndiye kuti mwabwerera kwa Descartes osadziwa, ndipo ndime zonse zotsatira zidzakusokonezani.

Ndime 16 ikufunsa kuti: ngati chida chimabisala, timachiona liti? Yankho n'lakuti ntchito ikaima. Njira zake zilipo zitatu. Chida chikhoza kuonongeka, monga mutu wa hamala ukayamba kugwedera pa mpini. Chikhoza kusowa, monga misomali ya mainchesi atatu ikatha felemu isanathe, ndipo pamenepo matabwa, sowo ndi hamala zimangoti mbwee, zopanda pogwira. Kapena china chake chikhoza kutsekereza, ntchito ya dzulo yosatha imene yadzaza pa benchi. Nthawi zoterezi m'pamene malo onse ogwirira ntchito amaonekera, n'kudziwika kuti ichi chimadalira icho. Cholakwika chofala apa n'kunena kuti hamala ikangothyoka yasanduka chinthu wamba choyang'ana. Werengani bwino masamba 73 ndi 74. Kalipentala sayamba kusinkhasinkha za chitsulo. Amafuna kamtengo kokhomera pa mpini kuti mutu ugwire. Hamalayo ikadali chida, koma chida chofuna kukonza.

Kuchokera apa m'pamene nkhani ya chilankhulo imamveka. Ndime 32 ikuti kumasulira kumayamba tisanatsegule pakamwa: munthu akatola chinthu n'kuchigwira monga hamala, wachimasulira kale. M'ndime 33, pa tsamba 157, kalipentala uja anyamula hamala, aimva kulemera, n'kunena kuti "Yalemera, patseni inayo," mwinanso osanena kanthu, kungoiika pambali n'kutola ina. Yerekezani zimenezi ndi chiganizo cha m'buku la lojiki chakuti "Hamala ndi yolemera." Pachiganizo chachiwirichi msomali wachoka, felemu yachoka, dzanja lotopa lachoka. Kwatsala chinthu ndi khalidwe lake. Heidegger sakunyoza chiganizo chotere, sayansi imachifuna, ndipo m'ndime 69 abwereranso ku hamala yomweyi posonyeza mmene fizikisi imayambira. Akungonena kuti n'chobadwa pambuyo, ndipo amene amaphunzira chilankhulo poyambira pa ziganizo zotere wasiya zambiri kumbuyo.

Ndime 34 ili ndi mzere umene ndimaukonda kwambiri m'buku lonseli, pa tsamba 163. Chimene timayamba kumva si phokoso wamba, koma ngolo ikulira, njinga yamoto ikudutsa. Kuti munthu amve phokoso lokhalokha ayenera kuchita kudzikakamiza. N'chimodzimodzi mnzathu akamalankhula: timamva chimene akunena, osati kugunda kwa mawu m'khutu. N'chifukwa chake kumvetsera ndi kukhala chete akuziika m'kati mwa kulankhula. Ndime 35 ikuonetsa kuopsa kwake. Mawu akhoza kumangopatsirana, aliyense n'kumati wamva, popanda woonapo chinthu chimene chikunenedwacho. M'semina za Heidegger matendawa ndi osasowa, poti mawu ake ndi okoma kubwereza. Woyang'anira maphunziro wabwino amakudula pomwepo n'kukufunsa chitsanzo, ndipo chitsanzocho chisakhale hamala.

Mukadutsa zonsezi, ndime 44, masamba 212 mpaka 230, siikhalanso yoopsa. Ili ndi tizigawo titatu. Kale anthu ankati choonadi ndi kugwirizana kwa chiganizo ndi chinthu. Heidegger akufunsa kuti kugwirizana kwake n'kotani, poti chiganizo ndi chinthu sizifanana mpang'ono pomwe. Chitsanzo chake chili pa tsamba 217: munthu wafulatira khoma n'kunena kuti chithunzi chili pakhomapo chapendekeka. Atembenuka, aona kuti chapendekekadi. Chatsimikizika n'chiyani? Sanayerekeze chithunzi cha m'mutu ndi cha pakhoma. Kuyambira pachiyambi ankanena za cha pakhomacho, ndipo tsopano chadzionetsa chokha monga momwe ananenera. Choncho chiganizo choona ndi chimene chimavundukula chinthu. Koma kuti chivundukule, payenera kukhala munthu amene khoma, chithunzi, kuongoka ndi kupendekeka zili kale ndi tanthauzo kwa iye. Kutseguka kumeneku, komwe tinakuona pa benchi ya kalipentala, ndiko akukutcha choonadi choyambirira. Wolumpha ndime 15 akafika apa amayesa kuti ndi ndakatulo chabe.

Msampha uli pa masamba 226 ndi 227, pamene akuti malamulo a fizikisi a Newton asanavundukulidwe sanali oona. Ambiri amaimira pomwepo n'kulemba kuti kwa Heidegger choonadi n'chopanga munthu. Pitirizani mizere ingapo. Akuti sanalinso abodza, ndipo atavundukulidwa, zinthuzo zinadzionetsa kuti zinali choncho kale. Miyala inkagwa Newton asanabadwe. Chimene kunalibe ndi kuvundukulako.

Ngakhale zili choncho, ndimeyi ili ndi bala lenileni, ndipo amene analiloza bwino ndi Ernst Tugendhat m'buku lake la 1967. Ngati kuvundukula kulikonse tikutcha choonadi, nanga bodza tilisiyanitsa bwanji, poti nalonso limaonetsa chinthu, kungoti molakwika? Ine ndimaona kuti Tugendhat analasa. Heidegger mwini, m'nkhani yake ya 1964 yonena za mathero a filosofi, anavomera kuti kutseguka kuja sikunafike pokhala choonadi. Polemba mayeso kapena pepala, gwirani zonse ziwiri: kutseguka ndiko kumachititsa kuti chiganizo chithe kukhala choona kapena chabodza, koma sikumatiuza kuti ndi chiti mwa ziwirizi. Kudziwa zimenezo kumafunabe kutembenuka n'kuyang'ana khoma.

Pali chinanso chimene chinkandivutitsa chaka chonsecho, ndipo mpaka lero sichinandichoke. M'malo ogwirira ntchito a Heidegger mulibe malipiro. Muli mmisiri, zida zake, wogula ndi wogulitsa zipangizo, koma palibe pamene akufunsa kuti hamalayo ndi ya yani, kapena chitseko chikatha ndalama ilowa m'thumba la yani. Aliyense amene anagwirapo ganyu ndi khasu la eni ake amalifunsa funso limeneli asanamalize tsamba. Ndipo bukuli linalembedwa m'dziko la Germany lodzaza mafakitale. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti pambali pa ndime 15 mpaka 18 muike zolemba za Karl Marx za ku Paris za 1844, zomwe zinasindikizidwa mu 1932, makamaka pamene akufotokoza wantchito amene chimene wapanga chimamusandukira chachilendo. Muikeponso The Human Condition ya 1958, ya Hannah Arendt, yemwe anaphunzira kwa Heidegger ku Marburg. Iye akusiyanitsa ntchito yopanga chinthu chokhalitsa, monga tebulo, ndi ntchito yobwerezabwereza yosunga moyo, monga kuphika ndi kuchapa, imene zipatso zake zimatha tsiku lomwelo. Ntchito yachiwiriyi, yomwe anthu ambiri padziko amathera moyo wawo, m'ndime za hamala simuipeza bwino.

Ndipo nkhani ya ntchito ndi kudziwa siingathe osatchula 1933. Mu April chaka chimenecho Heidegger anakhala mkulu wa yunivesite ya Freiburg, pa 1 May analowa chipani cha Nazi, ndipo pa 27 May analankhula kwa ophunzira kuti ali ndi mautumiki atatu kwa mtundu wa Ajeremani: wa ntchito, wa usilikali ndi wa kudziwa. Udindowo anausiya mu 1934, koma m'chipani anakhalamo mpaka 1945. Buku la Sein und Zeit analipereka kwa mphunzitsi wake Edmund Husserl, yemwe anali wobadwira m'banja la Chiyuda, ndipo mawu operekawo anachotsedwa pamene linasindikizidwanso mu 1941. Makope achinsinsi a Heidegger amene anayamba kutuluka mu 2014 ali ndi mawu odana ndi Ayuda oonekeratu. Zimenezi si zoika m'mawu am'munsi n'kupitirira. Komanso sizikwanira kungoti munthuyu anali woipa n'kutseka buku, chifukwa funso la wophunzira n'lakuti poizoniyo walowera pati m'maganizo enieniwo. Njira yake ndi yogwirika: tengani ndime 74, makamaka tsamba 384 pamene akunena za tsogolo la gulu ndi la mtundu, muiike pambali pa zimene analankhula pa 27 May, mulembe mawu amene akupezeka m'zonse ziwiri, kenako mubwerere ku ndime 15 ndi 44 kukaona ngati mawuwo akufunika kuti mfundo za hamala ndi chithunzi ziime. Ine ndinapeza kuti ndime 15 imaima popanda iwo, pamene ndime 74 siima, ndipo pepala langa lomaliza la chakacho linali pa kusiyana kumeneku. Mmene pepalalo linandifikitsira kwa Arendt ndi nkhani ya gawo 12.