Mmene Tinachizira Mphere za Agogo Athu

Agogo anga obereka mayi anachoka kumudzi ku Thyolo kudzakhala nafe mu Blantyre miyendo itayamba kuwavuta, ndipo pasanathe milungu itatu ndinayamba kuwamva akudzikanda usiku wonse m'chipinda chimene ankagona ndi ana anga awiri. Poyamba ndinaganizira nsikidzi, koma nditafufuza m'mphepete mwa matiresi sindinapeze kanthu. Tsiku limene ndinawathandiza kusamba m'pamene ndinaona tizilonda pakati pa zala, m'khwapa ndi m'chiuno modutsa chitenje. Iwo anali akubisa chifukwa cha manyazi, poti anthu amati mphere ndi nthenda ya uve, chonsecho imagwira ngakhale munthu wosamba kawiri patsiku.

Ndinayamba ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, mayi amene amayendetsa sikelo ya ana. Atawaona m'manja anandiuza kuti ndipite nawo kuchipatala chaching'ono cha boma, ndisathamangire ku Queens. Uphungu umenewu ndi wofunika kuno, chifukwa Blantyre alibe chipatala chachikulu cha boma lake monga alili maboma ena, choncho anthu ambiri amakhamukira ku Queen Elizabeth Central Hospital, chimene ntchito yake ndi kulandira odwala otumizidwa ndi kalata. Poyambira penipeni ndi zipatala za m'madera monga Ndirande, Limbe, Bangwe, Zingwangwa ndi Chilomoni.

Tinanyamuka 6 koloko m'mawa pa galimoto ya neba, popeza agogo sakanatha kukwera kabaza. Buku lawo lakuchipatala linatsala kumudzi, ndiye ndinagula latsopano tisanalowe. Mzere unali wautali, koma nditapempha anamwino mwaulemu kuti aganizire msinkhu wa agogo, anawapatsa malo pa benchi ya kutsogolo, ndipo odwala anzathu sanadandaule. Amene akuperekeza wokalamba asachite mantha kupempha zimenezi.

Adokotala anayeza kuthamanga kwa magazi, kenako anatenga dzanja la agogo n'kunena kuti, "Agogo, musachite manyazi, matendawa amachizika." Anafotokoza kuti mphere imayamba ndi kachirombo kosaoneka bwino ndi maso, kamene kamaboola khungu n'kuikira mazira, ndipo kamafala anthu akamakhudzana nthawi yaitali kapena kufunda bulangete limodzi. Zilonda zina zinali ndi mafinya chifukwa chokanda, motero anatilembera mapiritsi oti zilondazo ziyambe zapola, komanso mankhwala opaka a benzyl benzoate. Sitinalipire kanthu, koma pawindo la mankhwala tinalandira botolo limodzi lokha, ndipo ena ndinakagula ku famase mu Limbe.

Apa m'pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikufuna ena asabwereze. Adokotala ananena momveka kuti onse a m'nyumba apake tsiku limodzi, koma bambo a kunyumba ndi mng'ono wanga anakana chifukwa sankamva kuyabwa, ine n'kuwasiya. Patatha mwezi, onse awiri anayamba kudzikanda, ndipo agogo, amene anali atayamba kugona tulo, anayambiranso. Munthu amene watenga mphere koyamba amatha milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi asanamve kuyabwa, koma nthawi yonseyo amakhala akupatsira anzake.

Ulendo wachiwiri tinapaka tonse asanu ndi mmodzi madzulo amodzi. Agogo ndinawasambitsa ndi madzi ofunda, kuwapukuta mpaka khungu litauma, kuwawenga zikhadabo, kenako n'kuwapaka kuyambira m'khosi mpaka kuphazi, osadumpha pamchombo, kunsi kwa mabere, kumsana ndi pakati pa zala za kumapazi. Munthu wa zaka zoposa 80 sangafikire kumsana kwake kapena kuwerama mpaka kuphazi, choncho kumupatsa botolo kuti adzipake yekha n'chimodzimodzi kusamupatsa mankhwala. Mankhwalawa amawotcha pakhungu lokandika. Agogo anagwira mkono wanga mwamphamvu n'kunena kuti, "Mdzukulu wanga, pang'onopang'ono," ndipo ndinawakupiza ndi chivundikiro cha ndowa kufikira ululu utachepa. Tinakhala maola 24 osasamba, ndipo aliyense akasamba m'manja ankapakanso m'manjamo. A ana ndinawasungunula ndi madzi monga anandilangizira adokotala, ndipo tinabwereza kupaka pa tsiku limene anatilembera m'buku.

Ntchito yolemetsa kwambiri inali yochapa. Madzi timagula pa kiyosiki, ndiye tinatunga zigubu 12, kuwiritsa pa mbaula ndi kuviika zitenje, nsalu zofunda ndi zovala zonse zimene tinavala masiku atatu apitawo. Unali mwezi wa Juni, chiperoni chitakuta phiri la Soche, moti mabulangete sakanauma. Mlangizi uja anandiuza kuti ndiwamange m'matumba a pulasitiki kwa sabata yathunthu, chifukwa kachiromboka sikakhala moyo kupitirira masiku atatu kakasiyana ndi khungu la munthu. Mabulangete ogona nawo sabata imeneyo tinagula pa kaunjika, ndipo zovala zitauma ndinazisita zonse ndi ayironi. Mnzanga wina anandiuza kuti ndipopere mankhwala a m'munda pamatiresi, koma ndinakana, chifukwa poizoni wotere angathe kupha wokalamba ndi ana ogonapo.

Kuyabwa kunapitirira pafupifupi milungu itatu, ndipo adokotala anali atatichenjeza kuti zimatero ngakhale tizirombo titafa, choncho sindinawonjezere mankhwala mwa ine ndekha. Titabwerera kukaonetsa, khungu la pakati pa zala linali litasalala, koma magazi anapezekanso akuthamanga kwambiri monga pa ulendo woyamba. Agogo anawalembetsa ku kiliniki ya BP, ndipo tsopano ndimawaperekeza kukatenga mapiritsi pa tsiku lolembedwa m'buku lomwe lija.