Lachinayi lotentha, ndi mkangano wa laputopu zomwe sizinatuluke

9 Okutobala 2025

Kwatentha kuyambira m'mamawa. Pofika 8 koloko malata anali atayamba kale kuthetheka, ndipo foni inali italira ndisanamwe n'komwe tiyi. Anali achemwali, nkhani yake yomweyi ya laputopu ya mwana wawo. Mtsikanayu wapeza malo ku yunivesite, akukachita za zomangamanga, ndipo anzake omwe ali kale kumeneko amuuza kuti AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani a nyumba, siyophunzirira pa makina obwereka. Ndalama tinasonkherana pachibale ndipo zili ndi ine, poti pabanja pathu ndine ndimatchedwa wodziwa za makompyuta. Chatsala n'kugula basi. Koma alamu anga a ku Johannesburg, omwe anaponyapo gawo lalikulu, akuti tidikire.

Uthenga wawo unalowa usiku pa gulu la banja la WhatsApp: "Alamu, musathamange. Mwezi uno Apple itulutsa zatsopano, Januwale enawa atulutsanso zawo. Zakale zitsika mtengo, mudzandithokoza." Pansi pake anaponyapo mavidiyo a pa YouTube, a anyamata aja otong'ola maso pachithunzi, onse akulosera za M5, chip yatsopano ya ma laputopu a Apple. Bandulo yanga yapita pamenepo.

Ndisawanamizire alamu, sakulota ayi. Makampaniwa ali ndi nyengo zawo, ndipo amene amazitsata amatha kulosera mosaphonya kwambiri. Januwale aliyense ku Las Vegas kumakhala chionetsero cha CES. Kumeneko Intel, AMD ndi Nvidia amakonda kuonetsa ma chip awo atsopano, omwe ndi ubongo wa kompyuta, kenaka Dell, HP, Asus ndi Lenovo amabwera pambuyo ndi makina oikamo ma chip amenewo. Kumapeto kwa Febuluwale kapena kuchiyambi kwa Malichi kuli MWC ku Barcelona, komwe Lenovo imaonetsako ena mwa ma laputopu ake a ThinkPad. Meyi kapena Juni ndi Computex ku Taipei, Seputembala ndi IFA ku Berlin. Apple yokha ndiyo siyenda m'zionetsero za anzake, imaitanira anthu kwawo kapena kungoponya chilengezo pa intaneti tsiku lomwe yafuna. Komabe mapazi ake amaoneka. Laputopu yake ya MacBook Pro inalengezedwa Okutobala 2021, Okutobala 2023, Okutobala 2024. MacBook Air ya M3 inatuluka Malichi 2024, ya M4 Malichi chaka chino. Ndiye munthu akanena kuti mwezi uno kubwera kanthu, ali ndi poyambira.

Chomwe olosera aja sakonda kukumbutsa anthu ndi 2022. Chaka chimenecho ambiri anasunga ndalama kudikira MacBook Pro yaikulu ya Okutobala. Okutobala anadutsa, Khirisimasi inadutsa, makinawo n'kudzatuluka Januwale 2023. Amene anali ndi ntchito yoti agwire miyezi imeneyo anagwirira pa chiyani, mavidiyo sanena.

Mphekesera zambiri za Apple zimachokera kwa anthu ochepa. Pali Mark Gurman wa ku Bloomberg, amene amalemba Lamlungu lililonse zomwe wamva kwa anthu a mkati, ndi Ming-Chi Kuo amene amatsata zomwe mafakitale opanga zipangizo ku Asia aoda kapena kutumiza. Enawo ambiri amangotenga za awiriwa n'kuthirako mchere. Nthawi zina katundu amachita kuthawa yekha: chaka chatha anthu ena a ku Russia anatsegula bokosi la MacBook Pro ya M4 pa YouTube, Apple isanalengeze n'komwe kuti chinthucho chilipo. Ine kulosera kwanga, poti aliyense akulosera, n'kwakuti MacBook Pro yaing'ono ya M5 ituluka Khirisimasi isanafike, Air idikira Malichi, ndipo makina okhala ndi ma chip a Panther Lake omwe Intel yakhala ikuwatchulatchula adzayamba kuoneka m'masitolo CES ikadutsa. Ndawalembera alamu zomwezi. Ayankha ndi kachala kovomereza, akuyesa tagwirizana.

Sitinagwirizane. Air ya M4 imayambira madola 999 ku America, isanakwere ndege, isanalipiridwe msonkho. Zomwe tinasonkha sizikufika n'pafupi pomwe. Komanso mwana wa zomangamanga tsiku lina adzafuna Revit, pulogalamu ina yojambulira nyumba, ndipo Revit imayenda pa Windows pokha. Za Apple tikungokangana ngati mpira wa kunja, sitigula.

Cha m'ma 10 ndinakwera minibasi ya ku Limbe. Tinapanikizana anayianayi, mayi wina atandisanjika dengu la tomato pamiyendo mpaka pa Chichiri. Mmisiri amene ndimamudalira ali ndi kashopu kakang'ono kuseri kwa masitolo a nsalu, komwe mashelefu adzaza machaja opiringizana, ndipo pakona pali mulu wa ma laputopu akufa omwe amachotsako zipangizo. Ndinamupeza akupemerera fumbi m'fani ya HP ina yake, chowotcherera mawaya chili pambali chikufuka.

"Akulu, mwasowatu."

"Tilipo, achimwene. Ndabwera ndi funso la alamu anga. Akuti zatsopano zikatuluka kunjako, zanuzi zitsika."

Anaseka mpaka anaika bulashi pansi. "Zitsike chifukwa cha ndani? Ine ndimaoda ndi dola. Dola ikakwera m'mawa, masana ndasintha mtengo. Za ku America zo ndimazionera pa foni ngati inu nomwe."

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo ndakhala ndikuyesa kuwafotokozera alamu m'njira yoti asakhumudwe. Kwa iwo kumeneko, kapena kwa msuweni wathu wa ku Leeds, kudikira kuli ndi phindu: chatsopano chikalowa m'sitolo, cha chaka chatha amachitsitsa kuti chichoke pa shelefu, ndipo kumapeto kwa Novembala kuli Black Friday, tsiku lomwe masitolo amatsitsa mitengo. Kuno mtengo wa laputopu umamvera kwacha, sumvera Las Vegas. Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, ndipo amene anali atasunga ndalama za makina pansi pa pilo anadzuka ali ndi ndalama za foni. Lero pa bolodi la kubanki dola ili cha m'ma K1,750, koma wamalonda wamng'ono ngati mnzangayu saipeza pa mtengo umenewo, ndipo mtengo womwe amaipezera ndi womwe umalembedwa pa kapepala komata pa laputopu. Ndalama ya kwacha yosungira chinthu cha dola ikamagona, siimakula.

Komanso makina omwe timagula ambirife si omwe akulengezedwa. Amayenda ulendo wa kaunjika: wina kunja avale kaye, atope nacho, chimangidwe m'belo, kenaka chidzatipeze. Kampani ya ku Britain kapena ku America imagulira antchito ake ma laputopu, imagwiritsa ntchito zaka zitatu kapena zinayi, ikatero imagulitsa onse pamodzi kwa okonzanso, ndipo ena mwa iwo amadzera ku Dubai kapena ku Joni mpaka kufika ku Limbe. Choncho chomwe chidzaonetsedwe ku CES Januwale akubwerayu, ife tidzachigwira m'manja mtsikanayu atavala kale gauni.

Mmisiri uja ananditulutsira makina atatu. Woyamba anali wonyezimira, wopyapyala, chomata cha Core i7 chili mbee pakona. Ndinatsegula Settings kuti ndione nambala yonse ya purosesa, chip yaikulu ija: i7-6600U. Pa makina akale ngati awa, nambala yoyamba pambuyo pa kamzere ndiyo imanena m'badwo, ndipo uwu ndi wa 6. Ndinaubweza. Iye sanatsutse, anangoti, "Amenewa ndi omwe akuyenda kwambiri, anthu amangoona 7 yo."

Ndipo akhala akuchuluka. Lachiwiri likudzali, pa 14 Okutobala, Microsoft isiya kusamalira Windows 10. Windows 11, yomwe inatuluka Okutobala 2021, imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 ndipo purosesa ikakhala ya Intel, imafuna ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatula zochepa chabe. Makampani akunja sangasunge makina osalandira zigamba za chitetezo, ndiye akuwataya, ndipo kotayira kwake n'kuno. Ngati pali tsiku la pa kalendala ya azungu lomwe likhudze msika wa Limbe chaka chino, ndi limeneli, osati la M5. Tiona ma i5 ndi ma i7 a m'badwo wa 6 ndi 7 ambirimbiri, ooneka bwino, otsika mtengo, ena ataikidwa Windows 11 mokakamiza. Amayenda ndithu, koma Microsoft siilonjeza kuti izipitiriza kuwatumizira zigamba, ndipo mwana woti akhale nawo zaka zonse za sukulu sindingamuike pamenepo.

Wachiwiri anali Dell Latitude wabwinobwino koma hinji ya kumanzere inali ikulira potsegula. Dzina la Latitude nalonso likupita: Januwale chaka chino Dell inalengeza kuti ikusiya maina a XPS, Inspiron ndi Latitude, izingoti Dell, Dell Pro ndi Dell Pro Max. Mmisiri akuti zaka zikubwerazi adzavutika kufotokozera makasitomala kuti uyu ndi uti.

Wachitatu ndi amene ndinakhala naye nthawi. ThinkPad T480, ya 2018, yakuda bii, yosakongola n'pang'ono pomwe. Purosesa i5-8350U. Apa pafunika maso, chifukwa ma T480 ena anatuluka ndi purosesa ya m'badwo wa 7, ndiye dzina la pachivundikiro palokha silokwanira. Pa batani la 3 pali chizindikiro cha paundi, kusonyeza kuti inachokera ku Britain, ndipo kunsi kwake kwatsala guluu pomwe panali chomata cha kampani yomwe inali mwini wake. Ndinamupempha atsegule. Anamasula timasikuluwu, n'kulowetsa kapulasitiki m'mphepete, chivundikiro n'kutseguka. Mipata iwiri ya RAM, momwe kompyuta imasungira zomwe ikugwira panthawiyo, umodzi uli ndi 8GB, winawo uli pululu kudikira. Izi ndi zomwe makina ambiri atsopano opyapyala anataya, RAM yawo ndi yowotcherera pa bolodi, yomwe wagula nayo ndi yomweyo mpaka kufa kwake. T480 ilinso ndi mabatire awiri, lina mkati, lina lakunja lochotsa ndi dzanja makina ali chiyakire. Kwa munthu wokhala dera lomwe magetsi amapita osatsanzika, chimenechi si chinthu chaching'ono.

Tinayatsa, ndinalemba powercfg /batteryreport, lipoti la mabatire linatuluka. Batire lamkati likadali ndi mphamvu, lakunja latha ndithu, likusunga mwina theka la zomwe linkasunga lili latsopano. Ndinatsegula Notepad n'kudina batani lililonse, kenaka chithunzi choyera kuti ndione ngati sikirini ili ndi mabanga. Kadontho kamodzi kotuwa pakona, kosaoneka pokhapokha utakafunafuna. Sikiriniyo ndi ya 1920 ndi 1080, osati yotsika ija ya 1366 ndi 768 yomwe imapangitsa mizere ya pulani kuoneka ngati yanyowa.

Si makina a zithunzi zolemera, ndinene zoona. Alibe khadi la zithunzi lapadera, ndiye AutoCAD ya mizere wamba ayendetsa, koma nyumba zazikulu za 3D adzapuma nazo wefuwefu. Zaka ziwiri zoyambirira akwanira. Zapatsogolo tidzaona pomwe kwacha idzakhale.

Masana ndinadya chipisi cha pachiwaya pafupi ndi depoti, nditaima, ndikuganiza za Adam Osborne. Munthuyu anatulutsa Osborne 1 mu 1981, imodzi mwa makompyuta oyamba onyamulika, yolemera makilogalamu pafupifupi 11, kasikirini kake mainchesi 5. Inkagulidwa kwambiri. Mu 1983 kunamveka kuti kukubwera ina yoposa, ogulitsa anayamba kubweza maoda a yakaleyo, ndipo pofika Seputembala chaka chomwecho kampani inagwa. Ena amati chinaigwetsa kwenikweni ndi mpikisano wa Kaypro ndi kusayendetsa bwino ndalama, koma dzina linakanirira, mpaka lero amati Osborne effect. N'chifukwa chake makampaniwa amatseka pakamwa mpaka tsiku lenilenilo, ndipo mpata womwe amausiyawo ndi womwe anyamata a pa YouTube amadyerapo. Alamu anga akuchita zomwe anachita ogulitsa a Osborne, kungoti iwo akuimitsa malonda a makina a zaka zisanu ndi ziwiri chifukwa cha makina omwe sitidzagula.

Ndinabwerera kushopu n'kupereka kachikole kuti asaigulitse kwa wina. Tagwirizana kuti awonjezere RAM ifike 16GB, asake batire lakunja labwinoko, ndipo andipatse chaja yeniyeni ya Lenovo ya 65W, osati zopepuka zija zomwe zimatentha ngati mbaula. Wandipatsa mwezi woti ndibweze ikavuta, ndipo ndamuuza alembe pa lisiti, chifukwa ubwenzi ndi ubwenzi koma ndalamazi ndi za anthu ambiri.

Madzulo ndinaimbira mwini wake. Funso lake loyamba: "Amalume, ndi ya mtundu wanji?" Ndinati yakuda. Kunali zii pang'ono, kenaka anafunsa ngati angamatepo timaluwa. Ndati amate, bola asatseke potulukira mpweya. Loweruka tipitira limodzi kuti akaiyese yekha, manja ake ndi omwe azidzalembapo.

Alamu ndawaimbira pa WhatsApp m'malo molemba, nkhani za ndalama pa gulu zimakula msanga. Anamvetsera, anafunsa za RAM, kenaka anati, "Chabwino alamu, koma M5 yo ikatuluka mwezi uno mundigulira Fanta." Ndavomera, ngakhale kuti nanenso ndinalosera zomwezo. Akuti chikwama cha laputopu atumiza ndi munthu wa basi.

Yatsala ndi yanga yomwe ndikulembera inoyi, ya m'badwo wa 6, yomwe Lachiwiri ikhala m'gulu la zotayidwa. Microsoft yatsegula kanjira koti munthu alembetse n'kulandirabe zigamba za chitetezo chaka china chimodzi, mpaka Okutobala 2026. Ndilembetsa mawa netiweki ikakhala bwino, ndipo pa flash ina ndaika kale Linux Mint, yomwe imagwira ntchito m'malo mwa Windows, kuti ndiyese ngati printer yanga yakale ingagwirizane nayo.