Zikomo nonse amene munatithandiza kutuluka m'ngongole za juga

Mwezi uno tamaliza kubweza ngongole yotsiriza imene amuna anga anakongola chifukwa cha juga. Ndikulemba izi iwo akudziwa, ndipo awerenga zonse ndisanaziike pano. Mayina sinditchula, eni ake mudzizindikira nokha. Ena mwa inu mwina simukudziwa n'komwe kuti munatithandiza, poti thandizo lanu linali kukana, ndipo tsiku limenelo anachoka pamaso panu atakwiya.

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu kuti mpaka lero tidakali banja limodzi. Koma kuti mumvetse chifukwa chake anthu ena ndikuwathokoza mwapadera, ndiyenera kufotokoza mtundu wa vuto limene tinali nalo.

Amuna anga sankadziwerengera m'gulu la otchova juga. Ankati wotchova juga ndi uja wodalira mwayi, pomwe iwo anali ndi njira. Njira yake ndi iyi: ubetcha 1, ukaluza ubetcha 2, ukaluzanso 4, kenaka 8, kumangowirikiza kawiri mpaka utawina. Tinene kuti waluza 1, 2 ndi 4, zonse pamodzi 7, ndiye wawina pa 8. Zija unaluza zabwerera ndipo watsala ndi phindu la 1. Ukatero uyambiranso pansi. Njirayi amaitcha martingale, ndipo inali yotchuka kale ku France m'zaka za m'ma 1700. Iwo ankaigwiritsa ntchito pa roulette ya pa intaneti, juga ya gudumu lozungulira, kubetcha kuti kampira kagwera pofiira kapena pakuda.

Tsono ambiri amene ankabwera kudzawalangiza ankabwera ndi mawu amodzimodzi, oti juga ndi yoipa, juga imasaukitsa. Iwo ankangomwetulira n'kutulutsa foni, kuonetsa mndandanda wa masiku amene anawina. Ndipo masikuwo analipodi ambiri. Wolangizayo ankasowa chonena, n'kubwerera. Sindikunyoza malangizo anu, munanena zoona ndipo munanena mwachikondi, kungoti munkayankha funso limene iwo sankafunsa.

N'chifukwa chake woyamba kumuthokoza ndi inu aphunzitsi a masamu, mnzawo wa amuna anga wa kuubwana. Inu simunabwere ndi ulaliki, munabwera ndi pepala ndi cholembera. Ndipo chimene chinawachititsa kuti akumvetsereni n'chakuti munayamba ndi kuwavomereza. Munati njirayi si bodza. Ndi yosavuta kuitsatira, safuna kuloweza kanthu, ndipo munthu amene wakhala pansi kwa kanthawi kochepa nthawi zambiri amanyamukadi ndi kaphindu. Munafika ponena kuti munthu wokhala ndi ndalama zosatha, nthawi yosatha, pa tebulo lopanda malire a kabetchedwe, sangaluze nayo. Ndinaona amuna anga akukhala tsonga, chifukwa kanali koyamba munthu kuwalankhula ngati munthu woganiza.

Kenaka munayamba kulemba. Gudumu la roulette ya ku Ulaya lili ndi timalo 37: tofiira 18, takuda 18, ndi kamodzi kobiriwira ka ziro. Ukabetcha pofiira, timalo tokuwinitsa ndi 18, tokuluzitsa 19. Mwayi wako ndi 48.6 peresenti, osati theka. Kusiyanako kumaoneka ngati kopanda ntchito, koma ndi komwe eni kasino amadyerapo, pafupifupi 2.7 peresenti ya ndalama zonse zimene zadutsa pa tebulo. Pa gudumu la ku America, lokhala ndi maziro awiri, amadya 5.26 peresenti. Munatsindika mawu oti ndalama zonse zodutsa pa tebulo. Wowirikiza amadutsitsa ndalama zambiri kuposa wobetcha mofanana nthawi zonse, choncho ndiye amadyetsa eni kasino kwambiri.

Apa m'pamene munawauza kuti alembe okha kuwirikizako mpaka kakhumi. Analemba 1, 2, 4, 8, 16, 32, 64, 128, 256, 512. Ataphatikiza zinakwana 1,023. Kuti apitirire akufunika kuika 1,024, ndipo zonsezi akulimbirana phindu la 1. Iwo anati kuluza kakhumi motsatizana sikungachitike. Inu munawerengera n'kupeza kuti kumachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 784 oyambira pansi. Kwa munthu wosewera kamodzi pachaka n'kutali. Kwa munthu wosewera pafoni usiku uliwonse, pomwe gudumu silipuma, n'pakhomo pomwepa. Chimene sindidzaiwala ndi chija munawonjezera kumapeto: munthu wokhala ndi 1,023 amene akufuna kupindula 1,023 ina pa njirayi ayenera kuwina maulendo 1,023, ndipo mwayi woti awamalize osakumana ndi kuluza kakhumi kuja uli pafupifupi 27 peresenti. Akanangoika zonse kamodzi pofiira, mwayi wake ukanakhala 48.6. Munafulumira kunena kuti simukuwauza kuti akachite zimenezo. Munkangoonetsa kuti njira imene ankaiyesa yochenjera imagonja ngakhale kwa njira yopusa kwambiri. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anayesa kutsutsa kuti kwakuda kukabwera kambirimbiri ndiye kuti kofiira kwayandikira. Munawakumbutsa za ku Monte Carlo, kumene pa 18 August 1913 kampira kanagwera pakuda maulendo 26 otsatizana, ndipo anthu anataya ndalama zankhaninkhani pobetcha pofiira poganiza kuti nthawi yake yakwana. Gudumu silikumbukira za ulendo wapita. Munanenanso za malire amene tebulo lililonse limaika pa ndalama yobetcha, amene amamudula munthu pakati pa kuwirikiza ngakhale m'thumba mudakali kanthu. Ndipo atanena kuti ndiye angosamukira ku mpira, munawaonetsa kuti kumeneko n'koipirapo ngati ma odds, nambala imene amachulukitsa nayo ndalama yako ukawina, ali pansi pa 2.00. Pa 1.50, ukaluza 1, 2 ndi 4 n'kuwina pa 8, phindu lake ndi 4 yokha, ndiye udakali m'dzenje ndi 3. Aphunzitsi, pepala lija lilipobe, analisunga okha.

Ndingakhale ndikunama nditanena kuti pepalalo linawasiyitsa tsiku lomwelo. Mutu unamva, koma ngongole zinali zitachuluka kale, ndipo munthu wangongole amaona ngati khomo lotulukira ndi lomwe analowera lija. Apa ndiye pakubwera gulu lachiwiri, inu amene munakana kuwabwereka. Mwina munadziona ngati ouma mtima. Dziwani lero kuti njirayi imadya ndalama zobwereka. Nthawi iliyonse imene ankaimba foni n'kunena kuti pagwa zadzidzidzi, abweza mawa, chinali chifukwa afika pamene thumba lawo silikukwanitsanso kuwirikiza. Sankanama ponena za mawa, ankakhulupiriradi kuti ulendo wotsatirawo ubweza zonse. Aliyense wokana ankadula mzere umenewo usanafike pa ndalama yowirikiza kawiri imene ankapemphayo. Zikomo kwambiri makamaka kwa inu mayi amene mutakana munandiimbira ine. Munapepesa kuti mwina mukulowerera za m'nyumba ya eni, koma foni yanu ndiyo inanditsegula maso.

Nanu amene munawabwereka ndi mtima wabwino musanadziwe kumene ndalamazo zikupita, palibe mlandu pa inu. Tikuthokoza kuti titabwera kudzaulula munavomera kulandira pang'onopang'ono, ena mpaka kutikhululukira chiwongoladzanja. Mmodzi wa inu anatiuza kuti tiyambe tathana ndi za katapila, zake zidikire. Kuleza mtima kumeneko n'kumene kunatipatsa mpata wopuma.

Alamu, inu achimwene awo a amuna anga, ntchito yanu inali yowawa kuposa zonse. Munavomera kusunga khadi la kubanki, malipiro akafika munkakhala nafe kugawa za pakhomo ndi za ngongole, ndipo munakhala nawo pambali pamene ankadzitsekera maakaunti a kubetcha mmodzimmodzi. Munatukwanidwa ndi mng'ono wanu koma simunabweze. Ndikukumbukiranso yankho lanu tsiku limene anati vuto si njira ayi, vuto ndi kuchepa kwa mpamba, akanakhala ndi ndalama zambiri zikanatheka. Munawauza za Nick Leeson, amene ankagwirira ntchito banki ya Barings ku Singapore. Ataluza pa malonda a pamsika wa ndalama anabisa, n'kumaika zochulukirapo kuti abweze zotayikazo, mpaka zinafika pa mapaundi 827 miliyoni. Banki imene inayamba mu 1762 inagwa mu 1995 n'kugulitsidwa pa paundi imodzi, iye n'kukalowa m'ndende. Munawafunsa kuti ngati thumba la banki linabooka, la ndani limene likanakwana. Sanayankhe, ndipo nkhani ya mpamba sanaitchulenso.

Kwa inu amayi aphungu amene munkatilandira tonse awiri, zikomo chifukwa munandichiritsa ine kaye. Ndinkabwera ndi mtima woti amuna anga asankha juga kuposa ana awo. Munandifotokozera kuti madokotala a zamaganizo amalizindikira vutoli ngati matenda, kuti mu 2013 bungwe la American Psychiatric Association linaliika m'gulu limodzi ndi kukodwa m'mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndiponso kuti bungwe la World Health Organization nalo limaliwerengera pa mndandanda wa matenda. Pa zizindikiro 9 zimene amayang'ana, chimodzi ndi kubwereranso kukabetcha pofuna kubweza zomwe waluza. Munati choopsa cha njira yowirikizayi n'chakuti imatenga chizindikiro cha matenda n'kuchiveka dzina loti ndondomeko, mwakuti wodwalayo amadziona ngati wodziletsa pamene akumira. Simunawachotsere udindo wawo, ndipo zimenezo ndinazikonda. Munangondithandiza kusiyanitsa munthu ndi chimene chamugwira.

Pali ena amene anatiuza kuti njirayi ilibe vuto bola munthu adziikire malire, awirikize kanayi kokha, zikakanika anyamuke. Pa pepala ndikuvomereza, ndipo mwina alipo amene amatha. Koma ine ndaona munthu ali pamalire amenewo. Pamene akuyenera kusiya m'pomwe njirayo imamulonjeza kuti kamodzi kokha kotsatirako kafufuta zonse. Ukasiyira pamenepo wanyamula chitayiko chonse, ukapitirira waphwanya malire ako. Njira imene ubwino wake wonse wagona pa kusasiya siingayendere limodzi ndi lamulo loti usiye.

Zikomo kwa abambo a m'gulu limene amuna anga amakumana nalo, anthu amene nawonso anadutsa m'juga. Ndinamva kuti magulu otere anayamba ndi Gamblers Anonymous ku Los Angeles mu 1957, ndipo maziko ake ndi omwewo, oti wodziwa ululu wake ndiye amamvetsa mnzake. Ine sindikudziwani nkhope, ndimangodziwa kuti usiku wina chilakolako chitawagwira anaimbira mmodzi wa inu, ndipo munacheza nawo mpaka chinadutsa. Pali zinthu zimene sakanatha kundiuza ine popanda manyazi, koma kwa inu ananena.

Ana athu, munamanidwa zambiri osauzidwa chifukwa chake, ndipo titakuuzani simunawanyoze bambo anu. Amayi anga, munandilandira ndikulira, koma simunandiuzepo chochita ndi banja langa, munangondifunsa kuti ndikufuna chiyani. Zikomo.

Ndipo inu bambo a ana anga, ndikuthokozeni pagulu monga mmene nkhani yathu inamvekera pagulu. Munalemba nokha mndandanda wa onse amene munawakongola osabisapo ngakhale mmodzi, munapita nokha kukagogoda pamakomo pawo, ndipo munagwira ntchito zowonjezera zimene kale mukanaziona ngati zotsika. Munalola mkulu wanu kukusungirani ndalama ngati mwana. Mutamva kuti ndikufuna kulemba izi munangopempha chimodzi, kuti ndisachotse masamu aja, poti alipo anzanu ena amene akuwirikizabe usiku uno ndipo malangizo wamba sawalowa. Ndawasiyamo monga munapempha.

Tili ndi mapempho awiri kwa nonse. Amene mumatumizirana ma odds ndi manambala m'magulu a pa WhatsApp, chonde achotseni amuna anga m'magulu amenewo ndipo musawatumizire ngakhale mwanthabwala, awa ndi mawu awo omwe. Ndipo ngati alipo wina amene anawabwereka kenakake, kaya kochepa bwanji, koma sitinamufikire, asachite manyazi kutikumbutsa. Andilembere ine kumbali kapena alankhule ndi alamu anga, tibweza.