Kufufuta mizere sikubweza malo pa disiki

Kuno ku Joni ndimasamalira database ya PostgreSQL (pulogalamu yosunga zolembedwa m'matebulo) ya kampani yaing'ono ya Amalawi anzathu amene amanyamula katundu kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Phukusi lililonse lili ndi mzere wake m'tebulo, ndipo mzerewo umasinthidwa katundu akalandiridwa, akakwezedwa m'galimoto, akadutsa pa Beitbridge, akafika pa Mwanza, mpaka mwiniwake atamulandira. Disiki ikayamba kudzaza, abwana amangoti tifufute zakale kapena tigule malo ena, koma ine ndimawapempha kuti adikire kaye ndione chimene chikudya malowo.

Lamulo la df -h limangonena kuti disiki yadzaza kufika pati. Kuti ndidziwe zambiri ndimafunsa database yomweyo: pg_database_size imapereka kukula kwake konse, ndipo pg_total_relation_size imapereka kukula kwa tebulo limodzi pamodzi ndi ma index ake (mindandanda yothandiza kupeza mizere msanga) ndi TOAST, komwe kumasungidwa zinthu zikuluzikulu za mizere yopitirira pafupifupi 2 kB. Ndikayerekeza zimenezi ndi pg_relation_size, imene imayeza tebulo lokha, nthawi zina ndimapeza kuti ma index akula kuposa tebulo lenilenilo, ena mwa iwo palibe ndi query (funso lopita ku database) imodzi yomwe imene imawagwiritsa ntchito.

Nkhani yaikulu, komabe, ndi mizere yakufa. PostgreSQL imasunga mizere m'masamba a 8 kB, ndipo mukachita UPDATE (kusintha mzere) silemba pamwamba pa mzere wakale, koma imalemba watsopano n'kusiya wakalewo pomwepo kuti amene anayamba kuwerenga kale asasokonezeke. Choncho phukusi limodzi lochokera ku Johannesburg limasiya mizere yakufa ingapo lisanafike ku Limbe. DELETE (kufufuta mzere) nayonso imangoika chizindikiro chakuti mzere wafa. VACUUM, lamulo loyeretsa mizere yakufa, ikadutsa, malowo amakhala okonzeka kulandira mizere ina, koma fayilo ya tebulo sichepa, kupatula ngati masamba opanda kanthuwo ali kumapeto kwenikweni kwake. Zili ngati basi imene anthu atsika panjira: mipando yapezeka, koma basiyo ndi yomweyo.

Autovacuum imagwira ntchitoyi yokha, kungoti mwachizolowezi imadikira kuti mizere yakufa ipitirire 20 peresenti ya tebulo kuwonjezerapo 50. Pa tebulo la mizere 10 miliyoni, ndiye kuti 2 miliyoni iyenera kufa kaye, ndipo kwa ine kumeneko n'kuchedwa, motero ndimatsitsa chiwerengerochi pa matebulo amene amasinthidwa kawirikawiri. Ngati n_dead_tup (chiwerengero cha mizere yakufa) ya mu pg_stat_user_tables ikungokwera ngakhale autovacuum ikuyenda, ndimayang'ana mu pg_stat_activity, imene imasonyeza zimene zikuchitika pa database, chifukwa transaction (ntchito yoyambidwa pa database) imodzi yosiyidwa yotsegula kuyambira m'mawa imatha kulepheretsa kuyeretsa konse.

VACUUM FULL ndiyo imabwezadi malo, pakuti imalemba tebulo lonse mwatsopano, koma imalitseka kotheratu mpaka itamaliza ndiponso imafuna malo ena olembapo kope latsopanolo. Disiki ikadzaza kale, njirayi yatsekeka, ndipo mu Disembala, pamene aliyense akutumiza katundu kumudzi, sindingayerekeze n'komwe.

Pali malo enanso amene pg_database_size sawerengera, ndiwo foda ya pg_wal, yosungira WAL (kaundula wa zonse zosinthidwa mu database), yodzaza ndi mafayilo a 16 MB lililonse. Tili ndi seva yachiwiri mu ofesi imene imakopera zonse kudzera pa replication slot, imene imachititsa seva yaikulu kusunga WAL mpaka yachiwiriyo itaikopera. Pa nthawi ya load shedding sevayo inkazima, ndipo seva yaikulu inkasunga WAL yonse poidikira, disiki n'kumadzaza matebulo asanakule ngakhale pang'ono. Mafayilo amenewa safufutidwa pamanja, chifukwa kutero kumatha kuwononga database yonse. Kuyambira PostgreSQL 13, ya mu 2020, pali max_slot_wal_keep_size yoikira malire, ndipo ndinaika malirewo ndikudziwa kuti seva yachiwiriyo ikazima nthawi yaitali ndidzayenera kuimanganso kuchokera pachiyambi.