Mmene Ndinakalankhulira ndi Bwana Wogula Katundu Kuti Chiponde Changa Chilowe M'sitolo

Ndimapanga chiponde kunyumba kwanga ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, ndipo kwa zaka zitatu zoyambirira malonda anga ankadalira anthu ondidziwa, monga amayi anzanga akutchalitchi, aphunzitsi a pasukulu yoyandikana nafe, ndi ena amene ankaitanitsa pa WhatsApp n'kulipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Anthu otere safuna kuwafotokozera zambiri chifukwa amagula podalira munthu amene akumudziwa. Nditaganiza zoti chipondecho chikafike pashelefu ya sitolo yaikulu, ndinayenera kuphunzira kukhala pamaso pa munthu amene sandidziwa, amene ali ndi ntchito zambiri, n'kumupatsa zifukwa zomveka zoti achotsere malo katundu wina ndi kuikapo wanga.

Ulendo woyamba sunayende. Ndinafika ndi mabotolo atatu m'chikwama, ndipo nditapatsidwa mpando ndinayamba kufotokoza mmene ndinayambira bizinesi, mmene agogo anga ankasinjira mtedza mumtondo ku Mchinji, ndi mmene ndalama za chiponde zikuphunzitsira ana anga. Bwana woona zogula katundu anamvetsera mwaulemu, kenaka anafunsa mafunso atatu: ngati chipondecho chinayesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards (MBS), bungwe loyesa ubwino wa katundu, kuchuluka kwa makatoni amene ndingakwanitse pa mlungu, ndi mtengo wopikulitsira. Funso loyamba ndinayankha kuti ayi, lachiwiri ndinangoyerekeza, ndipo pa lachitatu ndinatchula mtengo womwe ndimagulitsira anzanga, umene sukanasiyira sitoloyo phindu lililonse. Anandiuza kuti ndidzabwerenso ndikadzakonzeka, ndipo sindiwaimba mlandu, pakuti mawu awowo ndiwo anandisonyeza pamene ndinayenera kuyambira.

Ndili mu minibasi pobwerera, ndinazindikira kuti mafunso onse atatu ankachokera pa nkhawa imodzi. Munthu wogula katundu wa sitolo amayankha kwa akuluakulu ake ngati katundu wakhalitsa pashelefu osagulidwa, ngati wadwalitsa munthu, kapena ngati makasitomala amuzolowera kenaka n'kusowa. Mbiri ya moyo wanga, ngakhale ndi yoona ndiponso ndimainyadira, sinachepetse nkhawa imeneyi mpang'ono pomwe. Choncho ndinatsimikiza kuti ulendo wachiwiri chilichonse chotuluka pakamwa panga chidzakhale yankho la chinthu chimene bwanayo akuopa.

Kukonzekera kunatenga miyezi, ndipo nthawi yambiri inathera pa mapepala. Ndinalembetsa dzina la bizinesi ku ofesi ya Registrar General, ndinatenga nambala ya msonkho ya TPIN ku MRA, ndipo ndinatsegula akaunti ya kubanki m'dzina la bizinesiyo, chifukwa masitolo aakulu salipira m'manja kapena pafoni ya munthu. Ndinapatula chipinda chimodzi kuti chikhale chopangiramo chiponde chokha, ndipo a MBS atabwera kudzaona malowo anandiuza zoyenera kukonza, anatenga chiponde kukachiyesa, mpaka ndinalandira chikalata chawo. Pa lebulo ndinaonjezerapo kulemera kwa chiponde, zimene zathiridwamo, tsiku lopangira, tsiku lothera ntchito, ndi barcode, imene makina a patilo amawerenga. Zonsezi ndi mbali ya kulankhula komweko, chifukwa pepala limodzi loikidwa patebulo limatseka funso limene pakamwa pakanatha mphindi zisanu pakuzungulira.

Ntchito imene inandivuta kwambiri inali yowerengera mtengo weniweni wa botolo limodzi. Kale ndinkangowerengera mtedza ndi botolo. Tsopano ndinalemba m'kope mtengo wa mtedza wosasenda, umene umatsika nthawi yokolola m'miyezi ya Meyi ndi Juni n'kukwera kwambiri mvula ikagwa, komanso mtedza wotayika posankha, makala okazingira, magetsi a chigayo, mchere, mabotolo, zivindikiro, malebulo, makatoni, thiransipoti, ndi malipiro a amayi awiri amene amandithandiza. Ndinadziikiranso malipiro anga, zimene ambiri a ife opanga zinthu pakhomo timaziiwala. Ndinakumbukira zimene zinachitika mu Novembala 2023, pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti ndipo mabotolo anakwera mtengo m'masiku ochepa, choncho ndinalemba papepala langa kuti mtengo umene ndikupereka udzagwira ntchito kwa miyezi itatu, kenaka tidzaunikanso. Pamapeto pake ndinali ndi manambala atatu m'mutu: mtengo woyambira kukambirana, mtengo umene ndingasangalale nawo, ndi mtengo umene sindingatsikirenso pansi pake.

Ndisanapemphe tsiku lokumana, ndinapita ku sitoloyo kanayi ngati kasitomala wamba. Ndinkaima pa shelefu ya chiponde n'kuona mitundu imene ilipo, wa kunja ndi wa kuno, kukula kwa mabotolo, mitengo yake, ndi amene watha msanga. Ndinaona kuti chiponde chambiri chinali chothira shuga, ndipo mabotolo aang'ono otsika mtengo ndi amene ankasowa kawirikawiri mwezi ukamatha. Ndinachezanso ndi mnyamata wina wolongedza katundu m'mashelefu, amene anandiuza kuti amayi ambiri amafunsa chiponde chopanda shuga chothira m'phala la ana ndi chotendera ndiwo zamasamba. Chiponde changa n'cha mtedza ndi mchere pang'ono basi. Pamenepo ndinapeza mfundo yoyamba kunena, ndipo inachokera m'sitolo mwawo momwemo.

Kupeza tsiku lokumana kunafuna kudekha. Ndinasiya kalata yaifupi kwa mlembi wa mu ofesi pamodzi ndi botolo limodzi, ndinaimba foni patapita masiku atatu, ndinaimbanso mlungu wotsatira, ndipo anandipatsa Lachiwiri m'mawa, n'kundichenjeza kuti bwanayo ali ndi mphindi khumi zokha. Mausiku atatu otsatizana ndinayeserera ndi alamu anga, amene anagwirapo ntchito m'sitolo. Iwo ankakhala ngati bwana, akuyang'ana wotchi, ndipo ankandidula mawu dala pakati pa chiganizo kuti ndizolowere kubwerera pa mfundo popanda kusokonezeka. Usiku woyamba ndinatha mphindi zisanu ndi ziwiri ndisanatchule mtengo. Pofika usiku wachitatu ndinkatha kunena zonse zofunika m'mphindi ziwiri, n'kusiya nthawi yotsalayo kuti ikhale ya mafunso, pakuti alamu anga anandiuza kuti wogula amatsimikiza maganizo ake pamene iye akufunsa.

Tsikulo ndinafika kutatsala theka la ola. Ndinanyamula mabotolo a magalamu 250 ndi a magalamu 500, timasupuni tatsopano ta pulasitiki, buledi wodula kale, faelo ya zikalata, ndi pepala limodzi lokha lolembapo mitengo, kuchuluka kwa mabotolo m'katoni, ndi nambala yanga ya foni. Sindinatenge kompyuta, ndipo ndimakhulupirira kuti pa katundu wodyedwa palibe chithunzi chimene chingapose kulawa. Titapatsana moni, ndinayamba motere: "Bwana, zikomo pondipatsa mpata. Ndinabwera kuno chaka chatha ndisanakonzeke, ndipo munandifunsa zinthu zitatu. Lero ndabwera ndi mayankho ake. Pashelefu yanu chiponde chambiri n'chothira shuga, koma makasitomala anu amafunsa chopanda shuga, ndipo ndi chimene ndimapanga." Ndinatsegula botolo pamaso pawo kuti amve fungo la mtedza wokazinga, ndinawapatsa supuni, ndipo ndinakhala chete mpaka atameza.

Kukhala chete kumeneko ndiko kunali kovuta kuposa china chilichonse. Munthu ukakhala ndi mantha umafuna kudzaza mpata uliwonse ndi mawu, ndipo potero umamulanda mnzako nthawi yoganiza. Bwanayo anatembenuza botolo, anawerenga lebulo yonse, kenaka analoza mafuta amene anali atayandama pamwamba n'kufunsa ngati chimenecho si chizindikiro choti chiponde chawonongeka. Ndinafotokoza kuti ndimagwiritsa ntchito mtedza wa CG7, wofiira uja, umene uli ndi mafuta ambiri, ndipo popeza sindithiramo mankhwala olimbitsa, mafuta amakwera pamwamba botolo likakhala, moti munthu amangotakasa ndi supuni. Ndinawasonyeza pamene ndinalemba zimenezi pa lebulo m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Ndikanayesa kubisa mafutawo pogwedeza botolo ndisanalowe, akanadzawaona pashelefu patapita milungu iwiri, ndipo akanasiya kukhulupirira china chilichonse chimene ndinanena.

Funso lotsatira linali la chuku. Aliyense wogulitsa zinthu za mtedza amadziwa vuto la poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amabwera ndi nkhungu mtedza ukasungidwa usanaume bwino, kapena anthu akauwaza madzi kuti usavute kusenda, monga ena amachitira m'misika. Poizoni ameneyu saoneka ndi maso ndipo satha ngakhale mtedza ukazingidwe, choncho bwanayo anali ndi chifukwa chokwanira chofunsira. Ndinayankha kuti ndimagula mtedza wosasenda kwa alimi omwewo a ku Mchinji chaka chilichonse, timasenda tokha osathira madzi, timasankha ndi manja n'kutaya wonse wofwifwa, wonyala ndi woboola, ndipo matumba timawasanja pa mathabwa kuti asakhudze pansi. Kenaka ndinatulutsa zotsatira za ku MBS n'kuziika patebulo. Anaziwerenga, ndipo sanabwererenso ku nkhaniyo.

Pa mtengo ndi pamene tinakhalitsa. Iwo ananena kuti chiponde china amachipeza motsikirapo, ndipo anatchula mtengo umene unali pansi pa malire anga aja. Chifukwa ndinali nditawerengera kale, sindinachite kakasi. Ndinati, "Bwana, pa mtengo umenewo ndidzakubweretserani kawiri, ulendo wachitatu bizinesi idzakhala itagwa, ndipo shelefu yanu idzakhala yopanda kanthu. Ndikhoza kutsitsa pang'ono pa botolo lalikulu ngati mutatenga makatoni ochulukirapo." Ndinawasonyezanso papepala phindu limene sitolo ingapeze pa botolo lililonse ikagulitsa pa mtengo wofanana ndi wa chiponde china cha kuno. Ena anandilangiza kuti nditchule za kampeni ya Buy Malawi, imene boma linakhazikitsa mu 2016 polimbikitsa kugula katundu wopangidwa m'dziko muno. Ndinaitchula m'chiganizo chimodzi chakumapeto, chifukwa ndimaona kuti kukonda dziko kungachititse munthu kulawa katundu wako, koma oda yachiwiri imabwera pokhapokha ngati katunduyo wagulidwa.

Anandifunsa ngati ndingakwanitse kupereka m'nthambi zawo zonse za mu Lilongwe. Mtima unkafuna kuvomera, koma ndinakumbukira kuti walira mvula walira matope. Sitolo yaikulu imalipira patapita milungu ingapo katundu ataperekedwa, ndipo nthawi yonseyo mpamba wako umakhala uli pashelefu ya eni ake pamene iwe ukufunika kugula mtedza wina ndi kulipira antchito. Ndinawauza chilungamo kuti pakali pano ndingakwanitse nthambi imodzi popanda kuphonya mlungu, ndipo ndinapempha chinthu chimodzi chodziwika bwino: andilole kuika makatoni anayi kwa mwezi umodzi, ndizibwera Loweruka lililonse kudzalawitsa makasitomala pakhomo, ndipo chiponde chimene chidzatsale ndidzachitenga ndekha popanda sitolo kutayapo kanthu. Ndinaona nkhope yawo ikumasuka, pakuti tsopano chiopsezo chachikulu chinali kwa ine. Ulendo woyamba uja ndinatuluka osapempha kanthu kenikeni, ndipo munthu amene sanapemphedwe kanthu savutika kukana.

Sanavomere pomwepo. Anati akambirane ndi woyang'anira nthambiyo, ndipo ndinafunsa tsiku limene ndingaimbe foni kuti ndimve yankho, n'kulilemba m'kope iwo akuona. Ndinawasiyira mabotolo awiri osatsegula ndi pepala la mitengo lija. Madzulo omwewo ndinatumiza uthenga waufupi wothokoza, wobwereza zimene tinakambirana, zomwe ndi makatoni anayi, mwezi umodzi, mtengo wa botolo lililonse, ndi lonjezo langa lotenga zotsala. Lachisanu ndinaimba pa nthawi imene tinagwirizana, ndipo anandiuza kuti ndipite kukalemba mafomu a anthu opereka katundu ku ofesi yawo ya zachuma, nditatenga chikalata cha bizinesi, TPIN ndi nambala ya akaunti.

Makatoni anayi aja ndinawapereka Lolemba lotsatira pamodzi ndi invoisi, ndipo ndinaonetsetsa kuti wolandira katundu wasayina ndi kudinda pepala langa, chifukwa popanda chidindo chimenecho malipiro sayenda. Loweruka ndinaima pakhomo la sitolo ndi katebulo, buledi ndi timasupuni, ndipo ndinkalemba m'kope mabotolo amene atuluka ndi mafunso amene anthu ankafunsa. Mabotolo a magalamu 250 anatha mlungu wachitatu usanakwane, pamene aakulu anayenda pang'onopang'ono. Nditabwerera kwa bwana uja mwezi utatha, ndinatsegula kopelo patebulo pawo n'kupempha kuti oda yotsatira ikhale ya makatoni asanu ndi limodzi, anayi a mabotolo aang'ono ndi awiri a aakulu, ndipo anatenga cholembera n'kusayina tisanamalize kumwa tiyi.