Tsiku limene ndinafuna kukhala Timotheus

Ndakatulo ya John Dryden, mlakatuli wa ku England, yotchedwa Alexander's Feast siivuta kuifotokoza. Anailemba mu 1697 kuti iimbidwe ku London pa 22 Novembala, tsiku la Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba. Ili ndi ndime 7. Mfumu Alexander yagonjetsa Aperisiya, yakhala paphwando ndi chiphadzuwa chake Thais, ndipo woimba zeze Timotheus akuitembenuza mtima ngati chimanga chootcha pambaula. Ndime yachiwiri mfumu ikudziyesa mulungu, yachitatu yaledzera, yachinayi ikulira, yachisanu yagwa m'chikondi, yachisanu ndi chimodzi yanyamula muuni kukatentha nyumba yachifumu ya ku Persepolis. M'ndime yomaliza ndi momwe Cecilia akutulukira ndi limba lake.

Ana a kalabu ya ndakatulo pasukulu yathu yogonera ankangoyasamula ndikamawawerengera, ndiye ndinati Lachisanu madzulo ndiwaonetsa mphamvu ya nyimbo ndi maso awo. Wopeka nyimbo wotchuka Handel anaika ndakatuloyi m'nyimbo mu 1736. Ndinadula zidutswa 7 za nyimbo zakezo, chimodzi pa ndime iliyonse, n'kuika pafoni. Ndinabwereka sipika ya Bluetooth, n'kupota masamba atatu a nyuzipepala kuti akhale muuni. Mnyamata wina ndinamupatsa foni kuti ndikagwedeza mutu azidina nyimbo yotsatira.

Chimene sindinaone ndi kabatani ka mivi iwiri yopingasana, kamene kamasakaniza nyimbo. Kanali kotsegula.

Ndime zitatu zoyambirira zinadutsa bwinobwino, chifukwa m'holomo munalibe wodziwa Handel, ndipo ine makutu anali pa mawu anga. Zinavuta pa ndime yachinayi, pamene Darius, mfumu ya Aperisiya, wagona pansi m'magazi ake, anthu omwe ankawadyetsa amuthawa, palibe ndi mmodzi yemwe woti amutseke maso. Apa Dryden wabwereza liwu loti "fallen" kasanu motsatizana, ndipo pamafunika kuwerenga ukutsitsa mawu, kupuma pang'ono pa liwu lililonse, ngati munthu akutsika masitepe mumdima. Ndinatsitsa mawu, n'kugwedeza mutu. Sipika inaphulika ndi malipenga a nyimbo ya Bacchus, mulungu wa vinyo. Ine ndikulira maliro a Darius, kumbuyo anyamata ayamba kale kuvina ndi mapewa.

Chondipweteka n'chakuti chinsinsi chake chili m'ndime yomweyo, ndipo ndinali nditachiphunzitsa ndekha. Timotheus saimba motsata ndandanda. Amayang'ana nkhope ya mfumu. Ataona masaya afiira, maso akuyaka, munthu wayambanso kumenya nkhondo zakale ndi pakamwa, m'pamene akusintha kaimbidwe kuti amutsitse. Ataiona ikulira, akudziwa kuti chifundo ndi chikondi n'zoyandikana, ndiye akungoikankha pang'ono. Foni yanga sinkayang'ana nkhope ya aliyense.

Ndinatseka kabataniko, tinalowa ndime yachikondi, ndipo ulendo uno nyimbo inali yoyenera, yofewa, ya cello, chida choimbira cha zingwe. Holo inati zii. Mpaka atsikana a kutsogolo anagwira tsaya. Ndili pakati pofotokoza momwe wogonjetsa dziko wagwera pachifuwa cha Thais, nyimbo inaduka, foni n'kulira. Mnyamata uja, mwaulemu wake, anayankha. Amene simukudziwa, sipika imeneyo sisankha: munthu akaimba foni, mawu ake amatulukira momwemo.

"Abambo," anatero mayi a kunyumba, holo yonse ikumva, "makala aja mwagula, kapena mudya ndakatulo?"

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma ndime yachisanu ndi chimodzi ndi imene ndimaikonda: mizere yaifupi yothamanga, mizukwa ya asilikali achigiriki omwe sanaikidwe m'manda ikuloza nyumba za Aperisiya, Timotheus akukuwa kuti mfumu ibwezere. Ndinayatsa muuni. Nyuzipepala yopota mosalimbitsa imayaka ngati udzu wa mu Okutobala, ndipo ukaikweza m'mwamba ukuigwedeza, zidutswa zoyaka zimagwera pamkono. Ndinakuwa. Ana anaombera m'manja, poganiza kuti kukuwako ndi kwa Dryden.

Alonda athu, achikulire omwe Chingerezi sachimva, anangoona moto pazenera ndi phokoso la ana. Analowa ndi ndowa ya malita 20 yomwe akuchikini ananyikamo nyemba za mawa. Sanafunse funso. Muuni unazima, buku linanyowa, sipika ya eni ake inalira kamodzi ngati chule n'kusiya. Nyemba zinadzaza m'thumba la malaya anga.

"Pepani aphunzitsi," anatero akutola nyemba pansi, "ndimayesa ana ayamba sitiraka."

Ndime ya Cecilia sitinaifike. Lolemba m'mawa ahedi anandiitana ku ofesi, patebulo pali sipika ija ndi kapepala ka mtengo wake. Anandifunsa kuti Alexander ameneyu ali Fomu chani, ndipo makolo ake amakhala kuti.