Kaminibasi katafa panjira ya ku Birzeit

Anzanga a gulu la mpingo atati abwerere ku Bethlehem, ine ndinazemba n'kukwera basi pa Damascus Gate, chipata cha mzinda wakale wa Yerusalemu, wopita ku Ramallah, mzinda wa ku Palestine. Za pa Qalandia, pomwe asilikali a Israel amasecha anthu, tidzakamba tsiku lina. Ku Ramallah ndinakwera kaminibasi kachikasu kopita ku tauni ya Birzeit, komwe amati servees, ndalama yake yochepa ndithu, koma khofi wa m'tauni muja aaa kuba kwenikweni, kakapu kongonyowetsa lilime basi.

Titatsala pang'ono kufika injini inayamba kufuka utsi, adalaivala kutsegula boneti n'kumangoiyang'ana ngati iwauza yokha chavuta. Tinakhala pamiyala pansi pa mitengo ya maolivi. Mayi ena amene ndinakhala nawo mpando umodzi anatulutsa buledi wopyapyala wopaka mafuta ndi za'atar (zokometsera za masamba ouma ndi chitowe) n'kundinyemera theka, dzina osandifunsa n'komwe. Anali a lekichala a mbiri. Ntchito yawo amayenda ndi karekoda kujambula mawu a agogo achipalestina omwe anachotsedwa kwawo pa nkhondo ya mu 1948 dziko la Israel likukhazikitsidwa, pomwe midzi yoposa 400 inasanduka mabwinja.

Ndati mayi, nanga zimenezi ndi sukulu kapena ndale? Anaseka mpaka kutsamwa. Akuti kuno sungasankhe, yunivesite ya Birzeit asilikali a Israel anaitseka kuyambira 1988 mpaka 1992 ndipo makalasi ankachitikira mobisa m'manyumba, mkulu wake Hanna Nasir anathamangitsidwa m'dziko mu 1974, ndiye buku ulitsegule bwanji osaona msilikali pazenera. Koma anadandaulanso za mbali yawo yomwe. Ana asukulu ena amafuna kafukufuku azingoimba nyimbo ya chipani, ukalemba kuti mabanja ena olemera anagulitsa minda kalelo amakuyang'ana ngati wapereka mtundu, pomwe opereka ndalama akunja amafuna ulembe zozizira zopanda mano. Mayiwo akuti gogo akasokoneza chaka amalemba kuti wasokoneza, olo nkhaniyo ikhale yokoma bwanji, poti bodza limodzi lokha otsutsa amatayira zonse kudzala.

Ine pamenepa ndinawamva. Timawadziwa anthu ophunzira omwe akangolowa ndale mutu amausiya pa geti.

Injini inadzuka atathira madzi a m'mabotolo athu. Pafupi ndi yunivesite pali Palestinian Museum yomwe inatsegulidwa mu 2016, pitani m'mawa. Pasipoti isachoke m'thumba, tengani mashekeli (ndalama zogwiritsa ntchito kumeneko) a kashi, ndipo Lachisanu musayerekeze, maservees amasowa.